A Lumo ndi Mulungu wa Zitseko

A Lumo anali wometa tsitsi. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala kalekale, nthawi imene ankameta ndi lumo lopinda, mashini asanafike. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wogulitsa nsapato zakale. Munali mpando wozungulira womwe unaleka kuzungulira, benchi la odikira, ndi galasi lalikulu long'aluka pakona. Anali bambo wofatsa, wosamwa, wosakonda mpira, wosowa nkhani. Akazi awo ankati zaka zoyamba za banja lawo ankachita kuwagwedeza kuti aone ngati akupuma.

Chinawasintha ndi mwendo wa benchi. Mwendo umodzi unafupika, ndiye mwana wawo wamkazi, yemwe anali namwino, anabweretsa chibuku chonenepa kuti aikepo pansi. Bukulo linagwira ntchito ya mwendo kwa nthawi yaitali, mpaka tsiku lina magetsi atazima a Lumo anasowa chochita, n'kulisolola, n'kuyamba kuwerenga.

Linali buku loyamba la nkhani yaitali yopeka. Munali mafumu okhala m'nsanja, asilikali okwera mbalame, ndi milungu yambirimbiri, aliyense ndi ntchito yake ngati ku ofesi. Wamkulu wa onsewo anali mulungu wa zitseko. Chitseko chilichonse m'dziko limenelo chinkatseguka ndi kutsekeka mwa chilolezo chake. A Lumo anamukonda kwambiri, mwina chifukwa nayenso sankalankhula zambiri. Magetsi atayaka sanaone n'komwe. Anauza mwana wawo kuti afune mabuku otsatirawo, ndipo odikira pabenchi anazolowera kukhala chopendekeka.

M'buku lachitatu mulunguyo anaphedwa. Mwana wa mfumu anamubaya ndi kiyi wake womwe pamasitepe a nsanja, ndipo kuyambira pamenepo zitseko zonse za m'dzikomo zinakana kutsekeka. Akuba anasangalala, nkhuku zinalowa m'nyumba yachifumu. A Lumo anafika kunyumba masana dzuwa likuswa mtengo, maso ali psu, n'kuuza akazi awo kuti kwagwa zovuta. Mayiwo anazimitsa mbaula, anavala nsapato, anatenga ndi kachikwama, kenako n'kufunsa kuti maliro ali kuti. Atamva kuti ali m'buku, anavula nsapato zija, n'kuyatsanso moto.

Chisonicho sichinakhalitse. M'buku lachinayi munali munthu wogulitsa mchere yemwe ankayenda ndi bulu. Pamalo ena bulu uja anatuluka m'khola, ndipo chitseko chinadzimenyetsa kumbuyo kwake. A Lumo anawerenga mzerewo, anauwerenganso, n'kuimirira mashini akulira m'manja. Chitseko chatsekeka bwanji mwini zitseko atafa? Anabwerera m'mbuyo n'kupeza kuti buluyo ankaima pakhomo lililonse, ndipo sankadya udzu pamaso pa anthu. Nkhani inaoneka poyera: mulungu sanafe, analowa mwa bulu.

Munthu akatola chinthu chotere amafuna mboni. A Lumo anabwereketsa mabukuwo kwa alamu awo, achimwene a akazi awo, omwe anali kalipentala ndipo ankakhoma zitseko kumapeto kwa msewu womwewo. Akalipentala anawerenga onse, anawabweza ali ndi utuchi m'masamba, n'kunena kuti nkhaniyo ndi yabwino, koma mulunguyo anafa basi.

"Nanga chitseko chija?" anafunsa a Lumo.

"Mphepo, alamu. Ine zitseko ndimadya nazo. Mahinjesi akapendekeka chimadzitseka chokha."

Mkangano unayambira pamenepo, ndipo unatha zaka. Ankakangana pa maukwati a abale, pa mzere wa kuchipatala, ngakhale ponyamula kabati kukwera nayo masitepe, wina kutsogolo wina kumbuyo.

Mwana wawo uja, pofuna kupulumutsa amayi ake, analowetsa bambo ake m'gulu la pa foni la anthu okonda mabukuwo. Anaganiza kuti akatopa. M'malo mwake a Lumo anapeza kuti dziko ladzaza ndi anthu ngati iwo. Ena ankati amene anabayidwa anali mapasa ake. Ena ankati mulunguyo kunalibe kuyambira pachiyambi, zitseko zinangochita dzimbiri. Mayi wina ankalimbikira kuti mwana wa mfumu uja ndi agogo ake a mulunguyo, ndipo ankajambula mizere yosonyeza ubalewo. A Lumo sankatha kulemba msanga, choncho ankatumiza mawu ojambula, ataliatali, mashini akumveka chapansipansi. Oyang'anira gulu anawachotsa kangapo, koma ankawabwezera chifukwa gululo linkazizira.

Amene anavutika kwambiri ndi makasitomala. A Lumo ankameta mbali imodzi ya mutu, kuzimitsa mashini, n'kuyamba kufotokoza. Munthu wometedwa theka sathawa. Anthu a changu anaphunzira njira: ankangoti akulowa, asanapereke n'komwe moni, "Ndi bulu, a Lumo." Oterowo ankatuluka msanga, atapakidwa ndi mafuta onunkhira. Koma mnyamata wina wokwatira tsiku lomwelo anayankha mosasamala kuti wakufa ndi wakufa, ndipo galimoto ya ukwati inachita kumudikira panja ikuliza hutala.

Tsiku lina Lachisanu kunabwera abusa atsopano a tchalitchi chomwe akazi a a Lumo ankapemphera. Anali asanadziwe aliyense m'deralo. Atangokhala pampando, nsalu ili m'khosi, akalipentala anatulukira pakhomo atanyamula thabwa paphewa, n'kupitiriza pomwe anasiyira dzulo lake.

"Ndaganizanso, alamu. Mulunguyo anafa. Vomerezani tipume."

"Sanafe," anatero a Lumo modekha, akupukuta mashini ndi bulashi. "Ali moyo, ndipo umboni ndili nawo. Onse akhoza kumusiya, ine ayi."

Abusa anayang'ana pagalasi, misozi ikulengeza. Akalipentala atachoka, anagwira dzanja la a Lumo n'kuwauza kuti chikhulupiriro chotere sanachione kwa nthawi yaitali, ndipo anawapempha kuti Lamulungu adzaime kutsogolo, anthu adzamve umboniwo. A Lumo anaganiza kuti apeza wowerenga mnzawo. Anafunsa ngati anthu a kumeneko nkhaniyo akuidziwa bwino, abusa n'kuyankha kuti amaimva mlungu uliwonse koma saisamala. Zimenezi zinawakhudza kwambiri a Lumo.

Lamulungu anavala jekete la pa ukwati wawo. Akazi awo, omwe anakhala zaka akuwakokera kutchalitchi osatheka, anakhala kutsogolo akumwetulira. A Lumo anayamba ndi kunena kuti ambiri masiku ano akuti anafa, ngakhale alamu awo enieni. Anthu anapukusa mitu. Anafunsa kuti mtembo anauona ndani, ndipo tchalitchi chonse chinavomera ndi ameni. Ananena kuti iye yekha ndiye amatsegula pomwe patsekeka, amayi ena n'kuimirira manja m'mwamba. Mawu a a Lumo anakula, thukuta linatsika. Moyo wawo wonse anali asanamvedwepo ndi anthu ochuluka chonchi.

"Ndiye mukufunsa kuti ali kuti?" anatero. "Ali mwa bulu wa wogulitsa mchere."

Gogo wina wosamva bwino anati ameni yekha. A Lumo anatulutsa buku lachinayi m'jekete kuti awerenge za khola lija, koma abusa anakodola akwaya, ndipo akwayawo anaimba nyimbo imodzi mobwerezabwereza mpaka a Lumo anakhala pansi. Akazi awo anatulukira khomo la m'mbali. Kunyumba sanawakalipire. Anangowaikira chakudya patebulo, n'kukadyera kukhitchini.

Amene anapsa mtima anali akalipentala, chifukwa mwezi wonse amayi a tchalitchi ankabwera kushedi kwawo kudzawapempherera kuti asiye kukana Mulungu. Iwo ankayesa kufotokoza kuti akunena wa zitseko, koma zimenezo zinkangoonjezera mapemphero.

Buku lomaliza linachedwa zaka zambiri. Pamene linkatuluka, a Lumo anali ndi imvi ndiponso magalasi a maso. Mwana wawo anawabweretsera lili m'pepala, ndipo iwo anasamba m'manja asanalitsegule. M'mutu woyamba momwe, bulu anaterereka pamlatho, n'kugwera mumtsinje ndi mchere wake. Wogulitsa mchere anagula ngolo. A Lumo anawerengabe mpaka kumapeto, akudikira kuti buluyo avuuka. Sanavuuke. Nkhani inatha ndi ukwati wa anthu ena, zitseko zili chitsegukire, anthu a m'dzikomo atangozolowera kupachika makatani. Za mulungu uja wolemba sanatchulenso ngakhale kamodzi.

A Lumo anabwerera ku ufatsi wawo wakale. Ankameta mutu wonse osazimitsa mashini. Makasitomala ankalowa n'kunena kuti ndi bulu, iwo n'kungoloza mpando. Anthu anayamba kudandaula kuti kumeta kwa masiku ano kukutha msanga, munthu sakupuma n'komwe. Akalipentala, omwe anayenera kusangalala, anapeza kuti kupambana kulibe kukoma. Ankabwera kudzametetsa ngakhale anali ndi dazi, n'kumayesa kuputa nkhani kuti mwina bulu amatha kusambira. A Lumo ankangoti mutu wawo aweramitse.

Akazi awo anapirira phokoso zaka zonsezo, koma chete ameneyu anawalemera. Anatenga mabuku aja mmodzimmodzi, n'kumawerenga masana akamaliza ntchito, kuti aone chimene chinawadyera mwamuna. Loweruka lina, akalipentala atabwera kudzacheza, mayiwo anaika tiyi patebulo n'kunena, ngati akunena za nyengo, kuti onse awiri akhala akulakwitsa. Mulunguyo anafadi, koma amene anamupha si mwana wa mfumu. Anamupha ndi mkazi wake.

A Lumo anaika kapu pansi. Anati m'mabuku onsewo mulibe pomwe pakutchulidwa mkazi.

"Inuyo mukamafotokoza za moyo wanu kushopu, ine mumanditchula?" anafunsa mayiwo. "Mulungu wanuyo amayenda m'matope, amamenya nkhondo, koma m'mutu uliwonse wa buku mkanjo wake ndi woyera, wositasita. Amamusitira ndani? Kiyi amagona naye pansi pa pilo. Mwana wa mfumu akanamupeza bwanji?"

"Achemwali, chifukwa chake n'chiyani kuti amuphe?" anafunsa akalipentala.

"Mwamuna wa zitseko za dziko lonse, achimwene. Muganiza cha kunyumba kwake chinkatsekeka?"

Atatero anatola makapu n'kupita kukhitchini. Sanabwerezenso nkhaniyo, ndipo akafunsidwa ankangoti ananena kale.

Kwa nthawi yoyamba alamu awiriwo anakhala mbali imodzi. Anagawana mabuku kuti apeze chowatsutsira mayiwo. A Lumo anayambanso kuzimitsa mashini pakati pa mutu, ndipo makasitomala anasokonezeka, osadziwa choti anene polowa. Koma kufufuzako sikunawayendere. M'buku lachiwiri akalipentala anapeza kuti patebulo la mulungu panali makapu awiri. M'loyamba a Lumo anapeza kuti mulunguyo anakana kupita kuphwando la milungu inzake, akuti kunyumba sakamvetsa. Anatumiza zimenezi ku gulu la pa foni ngati funso chabe, ndipo pofika madzulo gululo linali litagawikana pakati, ena akufunsa kuti mayi ameneyu ndi ndani, alowe nawo. Mayiwo anakana. Anati alibe nthawi ya zinthu zopeka.

A Lumo anametabe mpaka manja anayamba kunjenjemera, kenako shopu anaisiyira munthu wina. Sanavomere poyera kuti akazi awo ankanena zoona. Kungoti kuyambira chaka chimenecho anayamba kudzisitira okha malaya, ndipo ankayenda m'misewu makolala atapserera. Anakonzetsanso loko wa chitseko cha kukhitchini, yemwe mayiwo anakhala akumudandaula kuyambira mwana wawo ali kusukulu. Akalipentala anabwera ndi zida zawo kudzamukonza, ndipo anagwira ntchitoyo mwakachetechete, alongo awo atakhala pampando akuwayang'ana.