Filimu Imene Ndinamasulira Mlamu Wanga Ali Pomwepo

Tivi yathu inali yoyamba m'nyumba za aphunzitsi, kunja pang'ono kwa Chipata. Lamlungu masana, tikabwera ku Misa, azimayi ankadzaza pabalaza, ndipo ine, poti ndinkaphunzitsa Chingerezi, ndinali womasulira. Ntchitoyo ndinkaikonda, sindinama. Pakamwa panga sipauma malovu, ndipo mzungu akanena mawu awiri ine ndinkathira mchere mpaka khumi.

Tinkakhala ndi mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, amene anachoka ku Kasenengwa kudzandilerera mwana ndikakhala m'kalasi. Anali ndi vuto lake. Mwina kawiri pamwezi mawu ake ankasanduka a kamwana, iye n'kukabisala kuseri kwa chitseko, osatidziwa bwinobwino. Zikatha ankafunsa kuti dzuwa lapendeka nthawi yanji. Ena ankati ndi mizimu ya mashawe, ena ankati ndi nkhanza zomwe anaziona ali wamng'ono. Ife tinkangoti kamtsikana kabwera, n'kukapatsa tiyi. Ine zinkandichititsa chidwi kwabasi: kamtsikanako kankadya ndi dzanja lamanzere, pamene mlamu wanga ankadya ndi lamanja. Ndinkafunitsitsa wina atandilongosolera.

Ndiye tsiku lina pa tivi panabwera filimu ya mzimayi wosinthasintha mawu. Ndinasendeza mpando. Dokotala wa mufilimumo atati m'thupi limodzi muli anthu anayi, ndinamasulira mokweza, mosangalala ngati ndatola ndalama. Ndinkati lero ndimva zonse. Koma dokotalayo sanalongosole kanthu. Mzimayiyo anangotembenuza maso, nyimbo n'kusintha, n'kutenga mpeni. Ndinamasulira mpaka kumapeto, pakamwa ine! Azimayi onse anacheukira mlamu wanga, amene anali pamphasa, mwana wanga ali pamiyendo pake.

Mpaka lero ndimadzifunsa kuti anthu opanga mafilimu aja anakhalapo nyumba imodzi ndi munthu wotere. Chifukwa chiyani mwa anayiwo mmodzi ayenera kukhala wakupha? Wobisala kuseri kwa chitseko sanamuonetse bwanji? Koma mafunso awa ndi a lero. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti zonena dokotala, za pa tivi, m'Chingerezi, sizingakhale zopeka.

Lolemba ndinabereka mwana kupita naye kusukulu, n'kumugoneka pansi pa tebulo la m'kalasi. Mlamu ndinamuuza kuti mwana ali ndi chifuwa. Mipeni yonse ndinaikwirira m'thumba la chimanga, ndiwo tinkachita kubenthula ndi zala. Amuna anga anandidzudzula kuti mlongo wawo sanaphepo ngakhale nkhuku, ine ndinayankha kuti iwo filimuyo sanaione.

Lachisanu nditaweruka ndinapeza mipeni itatu pa tebulo, yotsukidwa bwino. Mlamu anali ataipeza kuchigayo, komwe anapita ndi thumba lija, ndipo tsopano ankandidikira. Katundu wake anali atamanga kale m'chitenje.

"Mlamu," anatero modekha, "inu ndi amene mumandiuza kuti ndi kamwana, kamangolira ndi kubisala. Ine sindinakaonepo. Mwakaona chaka chonse ndinu. Kanayamba kagwirapo mpeni?"

Ndinati ayi.

"Nanga bwanji mwakhulupirira uja wa pa tivi?"

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinamasula mwana kumsana n'kumupereka kwa iye, koma anaika manja kumbuyo. Anati akamugwira tsopano, azidzimvetsera yekha ngati mkati mwake muli wina wobwera ndi mpeni, ndipo kale sankadziopa.