Keyala Imodzi ya Tonse

Kalata inabwera ndi woyendetsa lole, nthawi imene tinali titangoyamba kuzolowera moyo wopanda mfuti. Anailemba ndi mnzake wa mwana wanga. Anati mwana wanga wagwa pa nyumba yosanja imene ankamanga ku Joni, msana wathyoka, ali m'chipatala ndipo akungotchula ine. Nkhondo inandisiyira mwana mmodzi yekhayo. Tinabwerera limodzi kuchokera ku Malawi kumene tinathawira, tinamanga kanyumba ku Matema, kuno ku Tete, iye n'kupitirira kukafuna ntchito.

Pasipoti ndinali nayo, koma visto, chilolezo cholowera m'dziko la eni, ankadinda ku Beira. Ine wogulitsa tomato, wosadziwa kulemba, ndikanayambira pati? Anzanga a pamsika anandilozera bambo wina amene ankakhala pakhonde la sitolo yosasuka denga. Ankalembera anthu mafomu pa makina, n'kunyamula mapasipoti awo m'chikwama kupita nawo ku Beira. Ankavala tayi, ndi kutentha konse kwa kuno ku Tete. Ndinaiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

"Mwana wanu amakhala pati, mayi?" anandifunsa.

Ndinamupatsa kalata ija. Mmenemo munalembedwa kuti amakhala m'chisakasa cha malata, kuseri kwa malo okwerera basi.

"Iyi si keyala," anatero akuseka. "Akuluakulu safuna kumva za zisakasa. Ndisiyireni ine, ndili ndi keyala yabwino ya nyumba ya nambala. Sinakanidwepo."

Ndinamuthokoza mowomba m'manja. Mpaka lero ndikakumbukira kuwomba m'manja kumeneko ndimadzida.

Patatha masabata atatu pasipoti inabwera ndi chidindo chofiira. Bamboyo anangoti, "Mwayi wanu, mayi," maso ali pa makina. Amene anandiuza zoona ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito, yemwenso anakanizidwa tsiku lomwelo. Anayala mapepala athu pabenchi, langa, lake, ndi a amayi ena amene tinali nawo pamzere. Onse anali ndi keyala imodzi. Tonsefe akuti tinali ndi ana m'nyumba imodzimodziyo. A ku ofesi anaona kuti ndi bodza, natikaniza tonse, ndipo analemba kuti tisapemphenso mpaka ithe miyezi isanu ndi umodzi.

Ndinam'gwira pakhosi bambo uja, anthu akuonerera.

"Senyora, ndimafuna kukuthandizani!" anakuwa.

"Mwandithandiza chiyani? Ndinakupatsani choonadi m'manja, inu mwandisandutsa wabodza! Mwana wanga adikira miyezi isanu ndi umodzi ndi msana uti?"

Anamulanditsa ndi anthu. Kunena zoona, ndikanamuluma.

Ndinakwera lole ya chimanga kupita ku Beira ndekha, masiku awiri pamsewu wa maenje, tikudikira pa milatho imene ankakonza. Pachipata cha ofesiyo ndinagwada pamaso pa mlonda, ndinamuonetsa kalata, ndinalira ngati ndili pamaliro. Anali munthu wabwino. Analowa nayo pasipoti m'kati, n'kubwera nayo chimodzimodzi. Anandilozera tsiku lolembedwa pa chidindo, n'kundipatsa madzi akumwa.

Nditabwerera ku Tete, mphunzitsi uja anandiperekeza ku koreyo, ku positi ofesi kumene anthu ankaimbira lamya. Nambala ya chipatala inali m'kalata ija. Tinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, kenaka anandiitanira m'kachipinda ka matabwa. Ndinamva anamwino akulankhula chinenero chawo, mawilo a bedi akulira, kenaka mawu aang'ono, ngati a munthu woyankhulira m'mtsuko.

"Amayi?"

"Ndine, mwanawe."

"Mwafika pati?"

Njira yonse ndinali nditakonza zoti ndimuuze, za keyala, za chidindo, za ku Beira. Koma ndinamva mmene ankapumira, ndipo ndinadziwa kuti miyezi imeneyo sakhala nayo.

"Ndili m'njira," ndinatero. "Ndadutsa kale pa Changara."

"Chabwino, amayi. Ndiwauza asandisamutse bedi, mungasochere. Ndili pafupi ndi khomo."

Lamya inaduka. Sindinamvenso mawu ake. Mnzake uja analemba pambuyo pake kuti mwana wanga anakhala ndi moyo masiku khumi ndi awiri okha, ndipo anakana kuti amutembenuzire kukhoma.