Thanthwe la a Edson

Tikamatchula anthu olimba mtima a ku Lirangwe kuno, tiziyamba tavula zipewa chifukwa cha a Edson, mkamwini wa m'mudzi mwathu, amene anatha zaka akumenyana ndi mwala umodzi. Mwalawo sunadziwe n'komwe kuti pali ndewu.

Zonse zinayamba ndi msana wa akazi awo, a Fyness. Madzi tinkatunga kutali, kutsidya kwa msewu, ndipo tsiku lina mayiwo anafika pakhomo atagwira m'chiuno.

"Ine basi. Ndikupita ku Chileka kwa Mildred, kuli mpopi. Madzi akadzapezeka pakhomo pano mudzandiitane."

Mildred ndi mwana wawo, amasesa ku bwalo la ndege. Mayiwo anakweradi minibasi, n'kusiya mwamuna pamudzi wa eni akulondera nyumba ndi nkhuku.

A Edson anatenga piki ndi fosholo. Anakumba kuseri kwa nyumba mpaka mutu unabisika, kenako piki inalira ngati belu la tchalitchi. Thanthwe. Apa m'pamene anayamba ukatswiri wawo: kuyatsa matayala akutha pamwalapo, ukatentha n'kuuthira madzi kuti usweke. Mumve bwino. Madzi omwewo amene anathawitsa mkazi, bambowa ankakawatunga okha panjinga kudzamwetsa mwala. Utsi wake ngakhale oyendetsa ndege ankaudziwa, amati ankakhotera pomwepo popita ku Chileka. Chosweka chinali kachidutswa koti n'kuphera njiwa pa legeni.

Ankaphika okha, kudya okha. Ife odutsa tinkangomva mawu akutuluka m'dzenje: "Achimwene, lero lokha tigwirizane." Achimwenewo anali mwala.

Ndiye kunabwera bungwe lina lokumba mijigo. Oyeza anayala mawaya awo mudzi wonse n'kupeza kuti madzi ali pansi pa dzenje lomwelo, koma kutali moti ndi piki akanawafika ndi adzukulu a adzukulu, nawonso atamera imvi. Kenako chinafika chilole chonyamula makina atsopano, nyundo yoyendera mphepo imene imamenya mwala ikuzungulira mpaka usanduke ufa.

Woyendetsa makinawo, Smart, anasuzumira m'dzenjemo.

"Madala, ichi mukwirire."

"Ndikwirire chiyani?"

"Dzenjeli. Galimoto siingaime pamphako. Ikagweramo muitulutsa ndinu?"

"Mwana iwe, umu muli zaka zanga."

"Ndiye muzikwirire bwinobwino, mutsendere."

Anakwirira okha, thandizo anakana. Makina atayamba, fumbi loyera linakuta mudzi, tonse tinaoneka ngati tagona kuchigayo, ndi mbuzi zomwe. Thanthwe limene linadya matayala a theka la Blantyre linabooka anthu asanaweruke kumunda. A Edson anaima chapatali manja kumbuyo, ngati ali pamaliro a mnzawo.

Mjigo utamangidwa anaimba foni, ife tikumvetsera monga mwa udindo wathu.

"Amake Mildred, madzi afika. Pakhomo penipeni."

"Opopa?"

"Eya, mjigo."

"Kuno timangopotokola, bambo. Msana uno ungapope?"

"Ndizikupoperani ine."

A Fyness anangoti:

"Mwana wa Mildred akayamba kuyenda, tiona."

Mwanayo anayamba kuyenda kalekale. Amene anamuona akuti amathamanga kuposa njinga ya kabaza.

Masiku ano pakhomo pa a Edson pamadzaza amayi m'mawa uliwonse, phokoso ngati tsiku la msika, koma m'nyumbamo simulowa munthu. Iwo amatulutsa ndowa yobiriwira ya a Fyness, kuiika pamzere, n'kukakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Mzere ukamasuntha amayi amaikankha ndi phazi, osaiphonya, osaidumpha. Ikafika kutsogolo wina amaitana.

"Ya a Fyness yafika."

A Edson amayamba ayang'ananso kumsewu, kenako amadzuka kukapopa.