Usta Lotfi ndi chifuwa cha malemu bambo

Ku Attarine, dera la mumzinda wa Alexandria, aliyense amawadziwa a Usta Lotfi, mmisiri wa mawailesi, koma osati chifukwa cha nsangala. Pakamwa pawo m'powawa. Unyamata wonse anathera pa sitima za padoko la Alexandria akukonza mawailesi, mpaka injini zinawagonthetsa khutu lakumanzere. Lakumanja ndi limene limawadyetsa, m'kashopu kopanikiza koti mukalowa awiri wachitatu amaima panja.

Ine ndinawafuna chifukwa cha malemu bambo anga. Bambo ankaimba m'maukwati, ndipo mlongo wanga anasunga nyimbo zawo m'kachoimbira kakang'ono. Mayi, amene mutu unayamba kuiwala, akamva mawuwo amati bambo ali kuchipinda, akuyeseza nyimbo. Ife sitiwatsutsa. Amadya bwino akamamva amuna awo.

Kenaka mawu aja anayamba kusasa. Masana aliwonse tikangoyala chakudya, pansi pa nyimbo pankalira kanthu ngati njuchi m'botolo. Mayi anakankha mbale ya nyemba. Anati sangadye amuna awo akuvutika ndi chifuwa, ana tili phee osawatengera kuchipatala. Anayamba kuonda tikuona, ndipo ine ndinachita mantha zedi.

Kushopu kachoimbira kanandichititsa manyazi: kanaimba bwinobwino. A Usta anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, wabweretsa wodwala, matenda wasiya kunyumba. Tsogola."

Anakhoma shopu dzuwa lili paliwombo, makasitomala akung'ung'udza pakhomo. Ndi mmene amagwirira ntchito. Amati phokoso limakhala ndi kwawo, ndipo sulipeza utakhala pampando wako. M'njira anandiuza kuti m'kati mwa kachoimbirako muli kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, kotembenuza manambala osungidwa kukhala mawu. Magetsi akafika ndi zinyalala, nako kamaimba zinyalalazo.

Titafika anakhala pansi penipeni, khutu labwino lija lili pasipika, nkuyamba kundituma ngati ndine wantchito wawo. Ndiyatse firiji, ndizimitse. Ndiyatse fani, ndilumikize chaja. Bambo ankangoimba mosalala. A Usta anamwa tiyi wanga uku akumunyoza kuti ndi madzi otsukira makapu.

Ndiye kumasitepe kunalira pampu. Anali a Umm Shawqi, mayi okhala pamwamba penipeni m'nyumba yathu yosanjayi, akukweza madzi kuthanki yapadenga monga amachitira nthawi ya nkhomaliro. Pomwepo bambo anasasa mawu. Aka kanali koyamba kuona mano a Usta Lotfi.

Ndinadzuka kuti ndikawakalipire a Umm Shawqi, poti pa ife awiri nkhani sizisowa.

"Khala pansi, iwe. Ukufuna mayi wa eni asiye kumwa madzi? Vuto lili muno."

Anatsegula kachoimbira nkundilozera kapasita, kambiya kosefa magetsi, kali pafupi ndi mwendo wa kachipangizo kaja. Kanali katatupa, katasiya kusefa. Anakachotsa, kuikapo katsopano, kuwonjezera kena kakang'ono pafupi penipeni ndi mwendowo, ndipo pulagi anaisamutsira kusoketi yakutali ndi waya wa pampu. Atatero anandituma kukapempha a Umm Shawqi, mwaulemu, kuti azimitse pampu ndi kuiyatsanso. Ndinakwera ndikukukuta mano. Pobwerera ndinapeza pampu ikulira, koma mawu a bambo ali oyera ngati kale.

Nthawi yonseyi mayi ankamuyang'anitsitsa mlendoyo ndi kachikwama kake. Kenaka anafunsa.

"Adokotala, chinali chiyani?"

Pakamwa pa a Usta paja ndinali nditapadziwa, ndipo mawu amodzi okha akanawauza mayi kuti amuna awo kulibe. A Usta anaika pansi chowotcherera, natembenuzira khutu labwino kwa mayi.

"Kachifuwa chabe, Hajja, mphepo yapadoko. Achira. Koma akudandaula kuti inu simukudya."

Mayi anandidzudzula kuti ndaima ngati mtengo m'malo mowaikira adokotala mbale. A Usta anadya, nanena kuti nyemba zanga zachepa mchere. Mpaka lero ndikadutsa pashopu yawo ndimawapatsa moni ndi mtima wonse, iwo amangogwedeza mutu osadzutsa nkhope. Zilibe kanthu, ndimawathokoza. Tsiku lija ndinaona mayi akukokera mbale pafupi, nkuipukuta ndi buledi mpaka kuyera.