Ine ndine wa bizinesi, kalasi yokha ndiye ndilibe

Ndinanyamuka kwathu kwa Malemia Lachiwiri dzuwa lisanatenthe, ndi chikwama chimodzi komanso bondo lovuta. Ulendo unali wa ku Joni. Mwana wanga Esinati anali atachira kumeneko, mwana wake woyamba, ndiye ananditumizira tikiti ya ndege kuti ndikamuthowe ndi madzi otentha ndi kusambitsa khandalo.

Tsono bondo langa lamanzereli, ndikalipinda nthawi yaitali limatupa ngati dzungu, n'kukana kuwongoka. Kutchalitchi ku Mishoni benchi ndinasiya kalekale, ndimakhala pansi miyendo tambalale. Za kugwa kwa ndege sindinkaopa ayi. Ndinkaopa kukatsika akundikankha pa chikuku cha odwala mkamwini akuona, munthu wobwera kudzasamala anzake n'kusanduka wosamalidwa.

Pamsewu kondakitala wa minibasi anati, "Teni sauzande mpaka Limbe, agogo. Chikwama chaulere, poti mwatchena." Anatipanikiza anayianayi. Podutsa pa Naisi, pamene ndagulitsa tomato ndi nthochi zaka zonsezi, anzanga anakuwa, "Mukatigulire nsapato!" Pofika pa Namadzi bondo linali litayamba kung'ung'udza. Ku Limbe ndinamwa tiyi ndi sikono chiimirire, kenako takisi imene Esinati anakonza pafoni inandisiya ku Chileka chakumasana.

M'chipinda chodikirira, mawu a Chingerezi anamveka kuchokera kudenga. Ine ndinatolapo liwu limodzi lokha: bizinesi. Ndinafunsa bambo amene anali pambali panga kuti akuti chiyani.

"Akuti a bizinesi ayambe kukwera," anatero, maso ali pafoni.

Ndinadzuka, n'kumanga bwino chitenje. Mtsikana wa pakhomo anayang'ana imvi zanga nati, "Pitani agogo, akuluakulu amayamba." Mumtima ndinati, onani ulemu wa anthu a ndege, akudziwa kuti dzikoli limayenda ndi ife ogulitsa.

Nditakwera masitepe, ndinapeza mipando ikuluikulu, iwiri uku, iwiri uku, yofewa ngati mkate wotentha. Ndinakhala pa umodzi n'kuwongola miyendo. Abale, zala zakuphazi sizinafike pampando wakutsogolo! Ndinayeza monga tiyezera nsalu: kuchokera pabondo, mkono wathunthu ndi chikhato pamwamba. Mtsikana wa yunifolomu anandipatsa juwisi m'tambula yagalasi, ndi kansalu kotentha kofuka nthunzi. Ena ankapukutira m'manja. Ine ndinakweza chitenje pang'ono n'kuthowa bondo. Ndinati Ambuye, mukanandiuza kale kuti mpumulo uli mumlengalenga.

Posakhalitsa panaima bambo wa suti, akuyang'ana tikiti yake, akuyang'ana ine. Mtsikana wa yunifolomu uja anabwera n'kunjuta pafupi nane.

"Agogo, ndione nawo tikiti yanu." Anawerenga. "Pepani, mpando wanu uli kumbuyo, kuseri kwa katani. Kuno ndi kwa a bizinesi kalasi."

"Ine ndine wa bizinesi, mwanangu. Kafunseni aliyense pa Naisi. Kalasi yokhayo ndiye ndilibe, sukulu sindinapiteko."

Bambo wa suti anatsokomola mobisa kuseka. Mtsikanayo analuma mlomo, nati, "Si za ntchito ya munthu, agogo. Ndi mtengo wa tikiti. Ya kuno imodzi imagula zingapo za kumbuyoko."

Manyazi ake! Ndinabweza kansalu ka eni, koma juwisi ndinamaliza.

Kuseri kwa katani ndi mudzi wina. Mipando itatu uku, itatu uku, anthu phewa ndi phewa, zikwama zikulimbirana malo pamwamba. Wanga unali wapakati. Nditakhala ndinayezanso: pakati pa bondo ndi mpando wakutsogolo panalowa zala zinayi basi. Kuposa minibasi, inde, koma pang'ono. Chapakati pa ndege ndinaona mzere wina wa malo otakasuka pafupi ndi chitseko, ndiye ndinamukodola mtsikana uja.

"Pajapo pamakhala anthu oti atsegule chitseko zinthu zikavuta," anatero. "Mungachikankhe, agogo?"

"Cha kunyumba kwanga chomwe chimandigonjetsa nthawi ya mvula."

Ndege inathamanga, inadzuka. Ine za kumwamba sindinasamale, maganizo onse anali pabondo. Bambo wakutsogolo atagonetsa mpando wake, zala zinayi zija zinatsala ziwiri. Bondo linayamba kugunda ngati muli mtima. Ndinaliona ndithu likukwera pansi pa chitenje, ndipo m'maso mwanga munabwera chikuku chija.

Kumanzere kwanga, m'mbali mwa kanjira kapakati, kunali mayi wonenepa wa mpango wakuda. Anati dzina lake ndi Abiti Saidi, wa ku Liwonde, ndipo anali ataona zonse za kutsogolo zija.

"Amayi, mwandiseketsa lero," anatero. "Ine ndimakwera kawirikawiri kukatenga mabulangete ndi nsapato, ndili ndi mashopu awiri, koma katani uyo sindinamudutsepo. Inu a tomato mwakamwako juwisi!"

"Musandiseke, chemwali. Mwendo ukundipha."

Anayang'ana bondo, kuseka kunatha. "Iii, dzukani. Khalani panopa."

Tinasinthana. Mpando wake unali wofanana ndi wanga, wopapatiza chimodzimodzi, koma kumanzere kunalibe munthu, kunali kanjira. Ndinawongolera mwendo m'kanjiramo, tambalale, ngati kutchalitchi. Mpweya umene ndinatulutsa, ngakhale woyendetsa ndege anaumva.

"Wa bizinesi weniweni sagula mpando waukulu," anatero Abiti Saidi. "Amapempha wa m'mbali, phindu n'kutsala m'thumba. Ndipo musangokhala. Kanyali kotiuza kumanga lamba kakazima, muziyenda."

Ndinayenda katatu, mpaka kuchimbudzi ndi kubwerera, ndikugwira mitu ya mipando ngati ndikudutsa m'munda wa chimanga. Kangolo ka chakudya kakamabwera, mtsikana uja ankaimba, "Agogo a bizinesi, mwendo!" Ine n'kupinda, iko n'kudutsa, ine n'kuwongolanso. Anatipatsa mpunga ndi nkhuku m'kabokosi, kanyama kake kongokwana kulawa mchere. Nthawi ina katani anatseguka pang'ono, ndinasuzumira. Akutsogolo ankadyera m'mbale zadothi. Koma bambo wa suti uja anali mtulo, kukamwa yasa, miyendo atapinda pansi pa mpando. Malo onse aja, mkono ndi chikhato, angokhala ngati munda wogonera!

Tinatera ku Joni dzuwa litapendeka. Mtsikana uja anabwera nati, "Agogo, ndikuitanireni chikuku? Njira ya m'katimu ndi yaitali."

"Taimani ndifunse mwini wake."

Ndinagwira mpando, ndinaimirira, ndinaponda. Bondo linadandaula pang'ono, koma linawongoka. Ndinapondanso. Ndinati, "Chikukucho mukapatse odwala."

Njira inalidi yaitali, ngati kuchoka ku Mishoni kukafika kumsewu, koma ndinaiyenda ndekha, Abiti Saidi akundilozera koti ndionetse pasipoti. Potulukira mkamwini anali chiimire, chipewa m'manja.

"Mwayenda bwanji, amayi? Mpando unali bwino?"

"Uti, bambo? Ndakhalira itatu."

Esinati atamva nkhaniyi anaseka mpaka kugwira pamimba, nati pobwerera ayesetsa andigulire wa kutsogolo. Ndinakana. Ndinati ndalamazo agulire mwana matewera, ine angondipemphera wa m'mbali mwa kanjira, mbali yoti mwendo wamanzere upeze kolowera. Wa kutsogolo ndaulawa, ndi wokoma, koma anandidzutsapo. Umene unandifikitsa ndi wopapatiza womwe uja, wochita kupatsidwa ndi munthu amene anayamba wandiseka.

Madzi atatentha, ndinathira m'beseni, ndinayesa ndi chigongono. Kenako ndinagwada pansi, mawondo onse awiri, n'kunena kuti, "Bweretsani mwanayo."