Kamzere ka Pambuyo pa Dzina la Custódio

Dona Dionísia anabwera ku Tete kuchokera ku Angónia atabereka mwana kumsana, n'kuyamba ntchito yopukuta fumbi mu biblioteka, nyumba ya mabuku ya koleji ina m'dera la Francisco Manyanga. Pamene ine ndinkalowa ntchito kumeneko, iwo anali atakwera kale, akulowetsa mabuku mu komputadori: wolemba, mutu, chaka, nkhani yake. Anali ovuta, ndisaname. Ukalemba dzina la munthu mmodzi m'njira ziwiri, ankakuyang'ana ngati wawathirira mchenga mumpunga.

Ndiwo anandiphunzitsa lamulo ili. Pambuyo pa dzina la wolemba timaika chaka chobadwa ndi kamzere. Akakhala moyo, kutsogolo kwa kamzereko timasiya poyera. Akamwalira, timatseka ndi chaka china.

Malasha atazunguza mitu ya anthu mumzinda muno, aliyense wobwera ankafuna za malasha basi, ngati mabuku ena onse anatha ndi chiswe. Mwana uja, Custódio, anali atakula, ndipo pomaliza maphunziro analemba monografiya, buku la kafukufuku wa fumbi la kumigodi. Zowerenga zonse anamufufuzira ndi amayi ake. Tsiku lolowetsa bukulo Dona Dionísia anafika atavala kapulana, nsalu yatsopano. Analemba dzina, kenako 1986, kenako kamzere. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankayamba kufufuza dzinalo, ati kuyesa ngati makina akuyenda bwino. Tinkawaseka nazo.

Mu 2012 lole yopita kumigodi inamugunda Custódio ali pa njinga yamoto ku Matema. Maliro atatha, Dona Dionísia anabwerera kuntchito, koma kamzere sanakakhudze. M'mawa uliwonse dzina linkatuluka ngati la munthu wamoyo, ndipo tonse tinkangoyang'ana kumbali.

Kenako kunabwera lamulo loti mayina onse akonzedwe asanasamutsidwire ku makina atsopano. Abwana athu, Dona Cecília, anawayandikira mwakachetechete.

“Mana Dionísia, dzina lija ndiuze wina akonze?”

“Ayi, Dona Cecília. Ndinalitsegula ndine.”

Anakhala pansi, n'kulemba chakacho ndi chala chimodzi, munthu amene ankalemba osayang'ana n'komwe. Atatha anafufuza dzinalo monga mwa masiku onse. Linatuluka lili ndi zaka zonse ziwiri, lopanda cholakwa chilichonse. Ine misozi inandigonjetsa.

“Pano ndiye wapitadi,” anatero Dona Dionísia.

M'mawa mwake anayatsa komputadori n'kungopinda manja, kudikira kuti wina abwere kudzafunsa za malasha.