Tsiku Loledzera Nsungwi

Faifi koloko m'mawa inamupeza Fenglan atagwada kale m'ngalande, akudula muzu ndi nkhwangwa. Ngalandeyo anaikumba yekha masiku asanu ndi atatu, kutsata khoma lolekanitsa bwalo lake ndi la bambo Dou. Muzu wa nsungwi ndi wamakani. Ukaukoka umangobwerabe, woyera, wa mfundomfundo, ndipo ukasiya kachidutswa kangati chala, chaka chamawa kamadzuka n'kupitiriza ulendo.

Nsungwizo anadzala ndi apongozi ake aamuna, a Shi, chaka chomwe anamanga nyumbayo. Zinali za mtundu woyenda pansi. Fenglan atakwatiwa pakhomopo palibe amene anamuuza kuti nsungwi ndi ntchito yake, komabe kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, chipale chofewa chikangosungunuka, ndiye ankazungulira ndi khasu kudula mizu yofuna kuwoloka malire. Mphukira zikatuluka ankazisenda, kuziwiritsa, n'kugawira makomo oyandikana nawo, ndipo eni makomowo ankathokoza a Shi. Mwamuna wake Baoku amamanga nyumba zosanja mumzinda wa Xi'an, amabwera pa Chaka Chatsopano basi.

Chaka chatha sanadule. A Shi anagwidwa ndi matenda ofa ziwalo, ndipo masiku a Fenglan anathera pa kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuchapa zofunda ndi kusonkha moto pansi pa bedi lawo la njerwa kuti lizifunda. Mizu inapeza mpata. Inadutsa kunsi kwa khoma n'kukatulukira pakati pa bwalo la simenti pomwe bambo Dou amayanikapo chimanga. Mphukira zisanu ndi ziwiri zinaboola simentiyo ngati anapiye akuswa dzira.

Bambo Dou anabwera pachipata, mudzi wonse ukumva.

"Mkazi wa Baoku! Nsungwi zanu zabwera kudzacheza kwathu. Ndiziphikire tiyi kapena zadya kale?"

"Pepani, bambo Dou. Ndibwera kudzadula."

"Kudula? Zichoke zonse ndi mizu yomwe! Apo ayi ndithira mankhwala m'mbali mwa khomamo, zife pamodzi ndi adyo wako."

Kuyambira tsiku limenelo sanalankhulanenso. Fenglan anagwetsa nsungwi zonse, ndipo zenera la a Shi, lomwe linkagwedezeka ndi masamba obiriwira chaka chonse, linatsala likuyang'ana khoma. Nkhalambayo inatembenukira kuchipupa n'kusiya kudya. Lero linali tsiku lachitatu.

Fenglan anatuluka m'ngalande, nasamba m'manja, natenga mbale ya phala la chimanga ndi masamba owawasa.

"Bambo, phala lapsa."

"Kapatse nkhumba."

"Masupuni awiri okha."

"Ndidye ndikuonera chiyani? Khoma la Dou?" Mawu awo ankatuluka mbali imodzi ya pakamwa, milomo itauma. "Zaka makumi anayi ndakhala ndikugona ndikumva mphepo m'masamba aja. Tsopano ndikumva Dou akutsokomola."

"Ndidzala zina, Bambo. Zosayenda."

"Zija za kumsika? Zija zinafa ngati nkhuku za chitopa?"

Fenglan anangoyang'ana mbale. Zaka zitatu zapitazo, msana utayamba kumuwawa, anagula mbande ziwiri kwa wamalonda wochokera kumwera. Munthuyo analumbira kuti nsungwi zake zimakula pa tsinde limodzi, sizidumpha khoma. Sananame. Chimene Fenglan anaiwala kufunsa ndi chakuti kwawo kwa nsungwizo madzi amaundana kapena ayi. Chisanu choyamba chitagwa, masamba anasanduka ngati mapepala, ndipo pofika Chaka Chatsopano panatsala timitengo touma.

"Lero ndi liti?" anafunsa a Shi.

"La khumi ndi chitatu, mwezi wachisanu."

"Ndiye zaledzera lero." Anatsegula diso limodzi. "Lero lokha nsungwi imaledzera, ungaizule, ungainyamule, siidziwa kanthu, imadzuka itagwira kale pamalo atsopano. Mawa ikhala itatsitsimuka. Ukadzala mawa, usavutike n'kubweretsa mbale yakoyo."

Fenglan sankadziwa ngati nsungwi imaledzeradi. Chimene ankadziwa n'chakuti a Shi amakhulupirira, ndiponso kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu sangathe sabata ndi madzi okha. Anaika mbale pampando pafupi ndi dzanja lawo lamoyo, natuluka.

M'mudzi wonse munali tsinde limodzi lokha lokhala ndi zonse ziwiri zomwe ankafuna: losayenda, komanso losaopa chisanu. Zinali nsungwi za mivi, zowonda ngati chala, zazitali kupitirira pang'ono denga la khola. Malemu Guixiang, mkazi wa bambo Dou, anazitenga kwawo pamwamba pa phiri, komwe chipale chofewa chimachedwa kuchoka, atazikulunga m'nsalu pa tsiku lomwe anakwatiwa. Kwa zaka zonsezo zinakhala pangodya yomweyo ya bwalo la bambo Dou, zikungowonjezera kachikhatho kamodzi pachaka. Kukazizira kwambiri masamba ake amapindika ngati ndudu, dzuwa likatuluka amatambasuka.

Fenglan ankalidziwa bwino tsindelo. Miyezi isanu yomwe Guixiang anagona akudwala, ana ake ali kutauni, Fenglan ndiye ankadutsa pachipata kawiri patsiku kukamusambitsa, ndipo madzi otsala m'beseni ankathira pansungwizo. Pamaliro bambo Dou anathokoza ana awo, achibale ndi woyendetsa thirakitala amene ananyamula bokosi. Chimwalirireni mkazi wawo salola munthu kuthothola ngakhale tsamba.

Mitambo inali itakuta phiri. Fenglan ananyowetsa thumba, naliika m'dengu pamodzi ndi nkhwangwa ndi fosholo. Kenako anatola muzu wautali kuposa yonse yomwe anakumba, naukoleka paphewa. Atafika pachipata cha bambo Dou anaima kanthawi. Analumbira mumtima kuti za miyezi isanu ija sazitchula.

Anawapeza atakhala pakampando, akusuta, akuyang'ana ming'alu ya simenti yawo.

"Ee, nkhwangwa? Wabwera kudzamaliza zomwe nsungwi zinasiya?"

"Mwadya, bambo Dou?"

"Ndadya fumbi la simenti. Ukufuna chiyani?"

Fenglan anaponya muzu uja pamapazi awo. "Womaliza ndi umenewu. Kayang'aneni ngalande nokha. Simenti ndidzakandira ndine, mvula ikadutsa."

Bambo Dou anautembenuza muzuwo ndi nsonga ya nsapato. Maso awo anakwera kufika pa zikhatho za Fenglan, zodzaza matuza ophulika, kenako anagwera m'dengu n'kuona thumba lonyowa. Nkhope yawo inasintha. Iwonso ankadziwa kuti linali tsiku loledzera nsungwi.

"Nkhalamba yamakani ija ili bwanji?"

"Sakudya. Masiku atatu tsopano."

"Shi? Amene ankamaliza mbale zitatu pa ukwati wa eni?" Anayesa kuseka, koma chifuwa chinawatsamwitsa. Anadzuka pang'onopang'ono n'kukaima pakati pa Fenglan ndi ngodya ija, manja kumbuyo. "Ngati wabwerera zimene ndikuganizazo, mkazi wa Baoku, bwerera."

Madontho oyamba anayamba kugwa pa simenti. Fenglan anaika dengu pansi, koma sanasunthe.

"Bambo Dou, sindikupempha tsinde lonse. Mbali ya kukhoma ija yathithikana, yayamba kuuma pakati, Guixiang akanakhala moyo akanaipatulira kale. Ndipatseni timitengo titatu tokha ndi dothi lake. Ngati simukufuna dzanja langa pamenepo, nkhwangwa nayi, dulani nokha pomwe mukufuna. Koma mubwere nazo inuyo, mudzazidzale pansi pa zenera la apongozi anga iwo akuona, dzuwa lisanalowe."